Nyumba ya Kunsi kwa Damu

Lonjezo anali injiniya kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Loweruka akangotsika minibasi pa Mvera n'kukwera njinga yamoto yolowera kumapiri, uinjiniya wonse unkatsala pasiteji, munthu n'kukafika pamudzi ali mkamwini basi. Anakwatira Roza kumeneko, ndipo poti malipiro a ku Lilongwe sankakwanira nyumba ya banja, mkazi ndi ana ankakhala kwawo kwa mkaziyo. Ana anali awiri. Tadala anali atangoyamba sukulu, Mayeso anali atangosiya kuyamwa. Lonjezo ankawakonda ana amenewa mochititsa manyazi, mpaka kuwabereka kumbuyo anthu akuona, koma aliyense pamudzipo ankadziwa kuti mwini wawo si iye. Mwini mbumba anali a Vinsenti, atsibweni a Roza.

Musaganize za nkhalamba yokwinya nkhope ayi. A Vinsenti anali munthu wanthabwala, wamimba yaikulu, woseka mpaka kupukuta misozi, ndipo ngati akukupweteka ankakupweteka akuseka momwemo. Anakalamba akuyendetsa chimakina cha katapila pa ntchito za misewu. Atapuma anasonkhanitsa anthu, ngolo ndi makasu, n'kutseka kamtsinje ka pakati pa mapiri awiri ndi khoma la dothi. Damu limenelo linasintha mudzi. Anthu omwe kale ankangokhala pachilimwe anayamba kukolola tomato, anyezi ndi kabichi, ndipo mavenda ankabwera okha ndi mabasiketi. Palibe ankati ndikupita kudamu, onse ankati ndikupita kwa Vinsenti.

Chaka china bungwe lothandiza alimi linalonjeza kukweza khomalo kuti madzi azichuluka. Linangofuna chinthu chimodzi, lipoti la injiniya lotsimikiza kuti khomalo lingapirire chivomezi, poti mapiri amenewa sali kutali ndi chigwa cha kunyanja komwe nthaka imagwedezeka nthawi zina.

“Injiniya tikamufune kuti?” anatero a Vinsenti akuseka. “Tili naye pakhomo pompano, amadya zathu zomwe.”

Lonjezo anakondwera, tisabise. Kwa nthawi yoyamba mudzi unamufuna pa chinthu china osati kukumba manda kapena kufolera nkhokwe. Anabwereka zida ku ofesi, chachikulu chinali chitsulo chachitali chokhomera pansi ndi nyundo yolemera, choonera kuti dothi likukana bwanji. Pamwamba pa khoma chitsulo chinkalowa movutikira, dothi lakatondo lotsenderedwa bwino, ntchito ya munthu wodziwa. Koma chitafika kunsi kwenikweni chinangotsetsereka ngati mpeni m'dzungu lophika. Kumeneko kunali mchenga wa mtsinje wakale, wonyowa, wosatsendereka. Pomanga paja a Vinsenti sanaukumbe, anangothira dothi pamwamba pake.

Ku ofesi kwawo kunali pulogalamu ya pakompyuta yoyesera zinthu zomangidwa ndi dothi, monga madamu ndi mitumbira ya misewu. Umajambula khoma ngati walidula pakati, pulogalamu n'kuligawa timagawo ting'onoting'ono tambirimbiri. Kagawo kalikonse umakauza kuti ndi dothi lanji, n'lolimba bwanji, madzi afika pati. Ukatero umatenga chivomezi chenicheni chomwe makina anachijambula kwinakwake, n'kuchilowetsa kunsi kwa khomalo, iwe n'kukhala pansi kumaonera. Pomwe dothi lagwira pamabiriwira, pomwe lagonja pamafiira.

Lonjezo atadina, kunsi kwa khoma kunayamba kufiira pang'onopang'ono, kenako kufiirako kunayenderera mpaka kumapazi a khoma. Mchenga wonyowa ukagwedezeka umataya mphamvu, madzi a m'kati mwake amaunyamula, umasanduka phala. Khoma la a Vinsenti linakhala pansi ngati ng'ombe yodwala, msana wake n'kutsika kunsi kwa madzi. Anayesa chivomezi chocheperako, zinali zomwezo. Anayesa khoma lokwezedwa lija, ndiye kunali kuipiratu. Mwayi unali wakuti kunsi kwa damu kunali madimba okhaokha, nyumba zonse zinali kumtunda. Mankhwala ake analipo: kusakweza khoma, kuchepetsa madzi, ndi kuunjika miyala yolemera kumapazi ake.

Tsono mkamwini sapita yekha kwa mwini mbumba kukanena kuti ntchito ya manja anu yaola pansi. Mawu otere amayenda ndi munthu wa m'banja. Lonjezo anatuma Roza, ndipo Roza, poopa nkhope ya atsibweni ake, anawathira shuga mawuwo.

“Akuti damu lili bwino, atsibweni, kungoti pali tina ndi tina tofunika kukonza.”

A Vinsenti anamva mawu oyamba okhawo. Anabwereka makina oonetsera kanema ku parishi, anapachika nsalu yoyera m'kachisi wa mphakati, n'kulengeza kuti Lamulungu Misa ikatha wina asachoke, mudzi wonse uone damu lake likulimbana ndi chivomezi.

Apa Lonjezo akanatha kunena kuti batire latha. Akanatha kudwala mutu. Koma anali ndi matenda a anthu ophunzira, oganiza kuti munthu ukamuonetsa chinthu ndi maso ake akuthokoza. Analumikiza laputopu yake, anafotokoza za timagawo ndi mitundu, n'kudina. Anthu anaona khoma lawo likunjenjemera pansalu, ana anaseka, kenako kufiira kuja kunakwera, khoma linakhala pansi.

“Mayo ine, dimba langa!” anakuwa mayi wina kumbuyo.

A Vinsenti ndiwo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kugwira mimba.

“Akamwini, tabwerezani. Maso anga ndi okalamba, sindinaone bwino.”

Lonjezo anabwereza. Khoma linagwanso.

“Ndiye mukuti dothi lathu ndi phala?”

“Osati dothi lonse, atsibweni. Ndi mchenga wa pansi okha, ndipo njira yokonzera ilipo…”

“Tamva, tamva. Zaka zonsezi takhala tikudya tomato wa paphala osadziwa. Tiyeni tiwaombere m'manja ainjiniya.”

Anthu anaomba m'manja, koma kuomba kwake kunali kwa pamaliro. Roza anatuluka atafunda chitenje kumutu.

Loweruka lotsatira Lonjezo anapeza mipando itayalidwa pansi pa mtengo wa mango, ankhoswe a mbali zonse atakhala kale. Ngakhale mkulu wake weniweni, nkhoswe yake, anali ataitanidwa kuchokera kwawo ku Chisepo iye osadziwa. Panalibe wokalipa. A Vinsenti anayankhula mofatsa, akusenda chinangwa chachiwisi.

“Ife sitithamangitsa munthu. Koma tamva chisoni kuti munthu wophunzira chonchi tikumugoneka paphala. Kwawo ku Chisepo dothi n'lolimba, apite akapume mtima uli m'malo. Anawa asawadere nkhawa, ndi a pano, phala analizolowera.”

Anamupatsa mpaka Loweruka linalo, tsiku lomwe a bungwe ankabwera kudzatenga lipoti. Mkulu wake anamukokera kuseri kwa khola n'kumutsina pamkono.

“Iwe, wapenga? Damu ndi lako? Pepesa msanga. Ukachoka pano uchoka ndi bulangete lokha, anawa uzidzawaona pa Khirisimasi ngati akulola.”

Roza anamudikira m'nyumba, maso atatupa.

“Bambo a Tadala, manambalawo si inu mumalemba? Kompyutayo ili ndi mwana kuno?”

“Ndikasintha ndiye kuti ndanama, mayi a Tadala.”

“Chivomezi chanucho chinabwera ine ndisanabadwe, ndipo palibe akudziwa kuti chibweranso liti. Ukwati ukutha Loweruka. Musankhe choopa.”

Pakhomo Tadala ankaphunzitsa Mayeso kuwerenga miyala, akumukalipira ngati mphunzitsi. Lonjezo anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo mantha omwe anamugwira sanali a madzi.

Lolemba masana, anzake atapita kokadya, anatsegula pulogalamu ija. Panali kabokosi kamodzi konena za kulimba kwa mchenga wa pansi. Anafufuta nambala yomwe chitsulo chinamuuza, n'kulembapo ina yonenepa. Ntchito yonseyo inali yaifupi kuposa kumanga chingwe cha nsapato. Anadina, khoma linagwedezeka, linaima, lobiriwira kuyambira kumsana mpaka kumapazi. Anadzitonthoza monga amachitira aliyense. Kunsi kuja kuli madimba okha, anthu sagonako. Chivomezi mwina sichidzabwera. Zikazizira adzawanyengerera pang'onopang'ono kuti aunjike miyala. Bwana wake, yemwe mutu unali pa ntchito zikuluzikulu za m'tauni, anasainira lipoti la kadamu ka kumudzi ali chiimire.

Loweruka Lonjezo anafika ndi tambala m'khwapa. Nsalu inapachikidwanso, mudzi unadzazanso kachisi, a bungwe atakhala kutsogolo. Khoma lobiriwira linavina pansalu osagwa, amayi n'kululutira. Kenako Lonjezo anagwada pamaso pa a Vinsenti n'kupereka tambala uja.

“Ndinalakwitsa nambala, atsibweni. Damu n'lolimba. Mundikhululukire.”

“Mokweza, akamwini. Akumbuyo sanamve.”

Ananenanso mokweza.

“N'lolimba bwanji? Munthu angagone kunsi kwake?”

Maso onse anali pa Lonjezo, a Roza omwe.

“Angagone.”

“Ehee!” A Vinsenti anamudzutsa ndi manja awiri, anamukumbatira, nkhope ikuwala. “Mwamva nokha. Tsono alipo ena pano omwe chionereni kanema woyamba uja akuopa kupita kumadimba, ena ayamba kunong'ona zosamutsa mbewu. Kuti mitima ikhale pansi, ine ndikupereka mphatso. Malo aja a kunsi kwa khoma, pamthunzi wa mikuyu, malo abwino kuposa onse, ndawapatsa Roza. Ainjiniya amange pamenepo nyumba ya njerwa, agone pamenepo ndi ana athu. Njerwa tiumba tonse.”

Kachisi anagwedezeka ndi nthungululu. Mkamwini kupatsidwa malo a padimba, pamaso pa mudzi wonse! Amuna anzake okwatira pamudzipo anamuyang'ana ndi nsanje yeniyeni. Mphatso yotere siikanidwa, woikana watukwana mbumba yonse. Lonjezo anawomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza.

Potuluka a Vinsenti anamukoleka mkono paphewa ngati bwenzi, n'kutsitsa mawu kuti amve yekha.

“Ine za makompyuta sindidziwa, akamwini. Ndikudziwa kuti munanena ziwiri, ndiye chimodzi n'chabodza. Ngati bodza ndi loyamba lija, mwapepesa, zatha. Ngati ndi lalero, mwanamiza ana anu, osati ine.”

Anamusisita pamsana n'kupita kukalandira alendo.

Mudzi sunagwirepo ntchito mokondwa ngati mmene unamangira nyumba imeneyo. Amuna anaumba njerwa, amayi anatunga madzi, a Vinsenti anapereka malata. Kumtunda kwake mathirakitala a bungwe ankathira dothi, khoma n'kumakwera, mthunzi wake n'kumafika pakhonde dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Mvula itabwera damu linadzaza mpaka m'milomo. Lonjezo anayamba kuonda. Ku ofesi ankati akamva lole ikudutsa, mawindo n'kunjenjemera, ankapezeka ataimirira foni ili m'manja.

Tsiku lina akumwaza feteleza m'dimba anamuuza Roza zoona zake zonse, za kabokosi kaja ndi nambala yonenepa. Roza anaweramuka, anaika manja m'chiuno.

“Ndiye munanama liti, poyamba kapena kachiwiri?”

“Kachiwiri. Chifukwa cha inu ndi anawa.”

“Musandisenzetse ine. Munagwada nokha, munanena nokha kuti munthu angagone. Ngati mwasinthanso, atsibweni ali uko, kawauzeni. Koma mudziwe kuti mukapita mupita nokha. Nyumbayi ndi yanga, ine ndi ana tilowamo.”

Apa ndiye panali pothera nzeru. Lonjezo akaulula kwa a bungwe, ntchito yatha, ukwati watha, ndani angakhulupirirenso injiniya wonena zitatu? Ana akanagonabe m'nyumba yomweyo, kungoti popanda iye. Choncho anakhala chete. Chomwe ankachita n'kuyenda kanjira kochokera pakhomo kukwera chitunda cha kum'mawa, kupita n'kubwerera, nthawi zina atasenza thumba la chimanga, akuthamanga. Anthu ankati ainjiniya ayamba masewera olimbitsa thupi a m'tauni. Iye ankayesa kuona ngati munthu angafike pamwamba madzi asanamupeze, ndipo yankho lake silinamukondweretse. Chitundacho chinali choimirira, chamiyala, chofuna dzanja limodzi logwirira, lonyamulira n'kutsala limodzi lokha.

Tsiku lolowa m'nyumba linali la chisangalalo. Kunali thobwa, mbuzi inagwa, akwaya anaimba, katekisiti anawaza madzi odalitsa m'zipinda zonse. Dzuwa lili paliwombo anthu anakhala pabwalo akudya, a Vinsenti pampando wa ndalema pakati pawo. Lonjezo anali pakhonde, Mayeso akusewera pamapazi ake, Tadala ataima pakhomo ndi diresi latsopano, akudyetsa chidole chake mpunga.

Zomwe Lonjezo sankadziwa n'zakuti a Vinsenti anali atakonza kanthabwala. Kuseri kwa nyumba, kumbali ya khoma, kunali ngolo yodzaza miyala yotsala pomanga, ndi amuna angapo atagwira malata akale. A Vinsenti atakweza chipewa, ngolo inapendeketsedwa, miyala inagudubuzika, nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi, malata anachita phokoso ngati kumwamba kwang'ambika, ndipo wina anakuwa ndi mawu onse:

“Damu laphulika! Damu laphulika!”

Lonjezo sanaganize. Thupi linachita zomwe linaphunzira. Anatola Mayeso ndi dzanja limodzi, analumpha mbale za anthu, anagwetsa mtsuko wa thobwa, n'kuliyatsa liwiro kulowera kuchitunda. Anakwera chokwawa, miyala ikumusupula maondo, nsapato imodzi n'kutsala m'njira, mwana akulira m'khwapa. Sanacheuke mpaka pamwamba.

Atacheuka anaona khoma lili chiimire, madzi ali phee, akakowa akuyenda m'mphepete. Kenako phokoso la kuseka linamupeza. Mudzi wonse unali pansi. Amayi ankagwirana mapewa, amuna ankamenya nthaka ndi manja, a Vinsenti anali atagwetsa mutu chagada, akupukuta misozi ndi chipewa.

“Ainjiniya! Bwererani, nyama ikuzizira! Si munati n'lolimba?”

Kutsika kunatenga nthawi yaitali kuposa kukwera. Anatsika motsimphina, phazi limodzi lopanda nsapato, magazi akuyenderera m'miyendo. Kusekako sikunamupweteke kwenikweni, anali atazolowera. Roza anamulanda Mayeso osamuyang'ana kumaso. Ndipo m'pamene anaona Tadala.

Mwanayo anali pomwe anamusiya, pakhomo, chidole chili pansi, mpunga utamwazika pa diresi. Sankaseka, sankaliranso. Iye yekha pabwalo lonselo ndiye anakhulupirira pamodzi ndi bambo ake kuti madzi akubwera, ndipo anaona bwinobwino zomwe bambo akewo anachita.

Lonjezo anagwada, anatambasula manja.

“Tada, bwera kuno. Anali masewera chabe.”

“Munadziwa kuti ndi masewera?”

“Ayi, mwanangu, sindinadziwe.”

“Ndiye bwanji ine munandisiya?”

Anthu apafupi anasiya kuseka. Yankho Lonjezo anali nalo, loona, loyesedwa ndi thumba la chimanga pachitunda chija, koma si yankho lomwe bambo angauze mwana wake. Anangokhala chogwada, manja ali m'malere.

Tadala anatola chidole chake, anachipukuta fumbi, anadutsa pambali pa manjawo osawakhudza, n'kukaima kuseri kwa mpando wa a Vinsenti, atagwira malaya awo.